Kapu Imene Alovi Ankagulira Amayi

Pa tchuthi chachikulu cha chaka chatha ndinafika kwathu ku Nkope fumbi lili mpaka m'makutu. Basi inanditsitsa pamsewu waukulu, ndipo kotsalako ndinayenda wapansi, sutikesi ili pamutu. Amayi ndinawapeza m'tiyirumu yathu ataima pafupi ndi mbaula, dzanja lina lili m'chiuno. Ndinkadziwa kale kuti ndi oyembekezera, koma mimba imene ndinaiona siinkagwirizana ndi miyezi imene anandiuza pamene ndinkapita kusukulu. Inali ngati ya munthu amene watsala pang'ono kuchira.

"Ukuyang'ana chiyani? Tula katunduyo utsuke makapu," anatero akuseka.

Tiyirumu yathu ndi chipinda chimodzi cha malata, chokhala ndi mabenchi ndi tebulo lalitali, pafupi ndi doko. Mwini wake ndi Ababa, koma iwo nthawi zambiri amakhala paulendo wokagulitsa nsomba zouma ku Limbe, choncho ketulo ndi ya Amayi. Amene amamwa tiyi wathu ndi alovi, anyamata ndi azibambo okoka makoka a utaka. Amabwera m'mawa asanakankhe mabwato. Tiyi amene amamufuna ndi wothira shuga m'ketulo momwemo, wofika poti ukamwa milomo imamatana. Ukachepetsa ngakhale pang'ono amadziwa, n'kukufunsa ngati shuga wamangidwa ndi apolisi.

M'mawa mwake ndi pamene ndinaona kuti mwambo uja wabwerera. Gulu loyamba la alovi litamwa, mkulu wawo, bambo wa imvi wopanda mano awiri akutsogolo, anagogoda patebulo ndi kapu.

"Achemwali, thirani yanu. Ndi mandasi amodzi."

Amayi anathira kapu yodzadza, n'kumwa ataimirira, alovi onse akuwayang'ana mpaka anaitembenuza kusonyeza kuti yatha. Anyamatawo anatuluka okondwa. Gulu lachiwiri linalowa, linachitanso chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Pamene dzuwa linkafika pa denga la mzikiti, Amayi anali atamwa makapu oti ine sindikanatha ngakhale tsiku lonse.

Mwambowu sunachokere kwa makolo ayi. Unayambira m'tiyirumu yathu momwemo, pamene Amayi anali ndi pakati pa mlongo wanga wamng'ono. Tsiku lina mkulu wopanda mano uja anawagulira tiyi mongocheza, ndipo tsiku limenelo khoka lake linadzadza mpaka anaitana bwato lina kudzathandiza. Mawa lake anagulanso, zinayendanso bwino. Nkhani inafala padoko lonse kuti kapu ya mayi wapakati ili ndi baraka, kutanthauza madalitso. Kuyambira pamenepo palibe gulu limene linkafuna kupita panyanja lisanamwetse Amayi. Ndipo kwathu munthu wapakati samanidwa chinthu, iyenso sakana chimene wapatsidwa ndi mtima wabwino. Kukana kapuyo kukanakhala ngati kuuza anthuwo kuti akabwere manjamanja.

Mlongo wanga anabadwa ine ndili ku pulayimale, koma tsikulo ndimalikumbukira bwino. Azamba anayesa mpaka analephera. Amayi anawakweza pa lole ya nsomba, kuwagoneka pamatumba a utaka wouma, kupita nawo kuchipatala cha ku boma. Ndinamva pambuyo pake kuti mutu wa mwana unatuluka koma mapewa anakanirira. Amayi anakhalitsa kuchipatalako, ndipo atabwera ankayenda chogwira khoma. Koma za iwo anthu sanalankhule kwambiri. Nkhani inali mwanayo: masaya ake, mapindi a m'ntchafu, manja onga mabanzi. Kusikelo ya ana amayi ena ankafunsa kuti amamudyetsa chiyani. Ababa ankamunyamula tsiku la msika kuti anthu amuone. Padoko anam'patsa dzina loti Abwana, ndipo mpaka lero ndi limene amayitanidwa nalo.

Anthu ankati mafuta a ukhanda amatha mwana akayamba kuyenda. Ake sanathe. Tchuthi chimenecho anali ndi zaka zisanu, ndipo ndinaona kuti akayenda kuchokera kunyumba kufika padoko amapuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Ntchafu zake zinkakhulana mpaka kusupuka, Amayi n'kumamupaka mafuta. Anzake akamasewera mpira wachikulunga ankamuika pagolo, osati chifukwa chodziwa kugwira koma chifukwa ankatseka malo. Akathamangira kumadzi ankamusiya m'mbuyo, iye n'kubwerera kudzakhala pansi pa tebulo la m'tiyirumu, kumene alovi ankamuponyera zidutswa za mandasi. Ndi mwana wanzeru, wokonda kufunsa mafunso, ndipo sankadandaula. Ine ndi amene ndinkavutika mumtima pomuona.

Ntchito yanga ina ya m'mawa inali kusesa kubafa. Tsiku lina ndinaona nyerere zitaunjikana pakona pamene Amayi ankatayira madzi. Ndinazisesa. Mawa lake zinalipo, zambiri kuposa dzulo, zitapanga mzere kuchokera kumpanda. Pamene ine kapena Ababa tinkagwiritsa ntchito panalibe kanthu. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa Amayi. Ankamwa madzi pafupipafupi, chikho pambuyo pa chikho, koma milomo yawo inali youma. Masana ankakhala pabenchi n'kuodzera chikhalire. Sindinkadziwa dzina la chimene ndinkaona, koma mtima wanga sunakhale pansi. Ndikatenga buku loti ndiwerenge, maso ankayenda pamzere womwewo kangapo osamva kanthu. Ndinkanyamuka, kupita kubafa, kukayang'ananso nyerere zija ngati kuti zisintha maganizo.

Tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera ndinapempha kuti ndiwaperekeze. Abwana anakana kutsala, choncho tinayenda pang'onopang'ono, kuima pansi pa mitengo kuti onse awiri apume. Anamwino anali mayi wamtali wochokera kumpoto, wolankhula Chichewa chodekha. Atayeza mimba ndi tepi anafunsanso miyezi, n'kuyezanso. Ine ndinali pakhomo, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Anamwino, kubafa kumene amapita Amayi kumabwera nyerere."

Amayi ananditembenukira ndi maso oti tikaonana kunyumba. Koma anamwinowo sanaseke. Anawapatsa kabotolo, ndipo atabwera nako anathira pang'ono m'kagalasi kakatali, n'kuwonjezamo madzi abuluu, n'kutenthetsa pakanyale ka sipiriti. Zimenezi tinazichitapo kusukulu poyeza zakudya. Ndinkadziwa tanthauzo lake ngati mtunduwo usintha. Unasanduka wobiriwira, kenako wachikasu, kenako ngati njerwa yowotcha.

Anamwino anasuzumira panja pamene Abwana anakhala pansi akupuma mwawefuwefu.

"Uyu ndi wanu? Anabadwa bwanji?"

Amayi anafotokoza za lole ija ndi za mapewa.

"Mayi, m'magazi mwanu muli shuga wambiri. Amayi ena zimawachitikira akakhala ndi pakati. Shugayo sakhala mwa inu nokha, amadutsa pamchombo kupita kwa mwana. Mwana m'mimba sangakane chakudya. Chimene chachuluka thupi lake limachisunga ngati mafuta. Amabadwa wamkulu, ndipo ambiri mafutawo amakula nawo. Sindinakuyezeni nthawi imeneyo, ndiye sindingalumbire, koma ndikamuona mnyamatayu ndikuganiza kuti zinayambira kumeneko."

"Ndiye kuti ndinamulakwira ndine?" anafunsa Amayi motsitsa mawu.

"Simunadziwe. Za uyu tiziona pang'onopang'ono. Koma ali m'katiyu nthawi ikadalipo. Mumamwa tiyi wa shuga?"

Amayi anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana kudenga.

Anatiuza zoti asiye shuga ndi mandasi, achepetse mpunga ndi nsima, achulukitse masamba ndi nsomba, aziyenda, azibwera kudzayezedwa kawirikawiri, ndipo nthawi ikayandikira akadikirire kuchipatala cha ku boma. Pobwerera Amayi sanandikalipire. Anangogwira dzanja la Abwana njira yonse, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

Ababa anamva nkhaniyi atachokera kumzikiti. Anavula kofiya, n'kuiyang'ana m'kati ngati yankho lili mmenemo.

"Shuga ndi matenda a mabwana a m'maofesi, oyenda pagalimoto. Ife tawatenga kuti? Ndiye mwana wonenepa tsopano wakhala matenda? Anthu ku Katuli akulira ndi ana a nthiti zoonekera, ife tizilira ndi wonenepa?"

"Anamwino atero," anayankha Amayi.

"Nanga alovi muwauza chiyani? Kuti baraka yatha?"

Ababa si munthu wouma mtima. Pa lole ija anali pomwepo, atagwira mutu wa Amayi. Koma tiyirumu ndi imene imandilipirira sukulu, ndipo tsidya lina la njira munthu wina anali atangotsegula yake, yokhala ndi wayilesi. Zimenezi tonse tinkazidziwa ngakhale palibe anazitchula.

M'mawa mwake mkulu wopanda mano anagogoda patebulo monga mwa masiku onse, ndipo Amayi anathira kapu n'kumwa. Gulu lachiwiri litalowa ndinalephera kupirira. Ndinatenga kapuyo m'manja mwawo.

"Lero ndiwamwera ine."

Mnyamata wina wa malaya ong'ambika paphewa anaseka mpaka kutsamira khoma. "Iwe m'mimba mwako muli chiyani? Masamu? Ukamwa iwe tikagwira mabuku."

"Bwezera amayi ako, mwana wa sukulu," anatero wina. "Taona mimbayo. Ameneyo ndi Abwana wachiwiri. Achinyamata a chipani aja akakuonani pageti la msika, Achemwali, akugulitsani makadi a chipani awiri a m'mimbamo."

Anaseka, koma kenako aliyense anayang'ana kukhomo, kusekako n'kuchepa. Amayi anatenga kapu ija m'manja mwanga mofatsa, n'kumwa.

Masiku otsatira ndinali ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinayesa kuchepetsa shuga wa m'ketulo mobisa, alovi anadziwa pa kumwa koyamba. Ndinayesa kusankhira Amayi kapu yaing'ono, anati baraka ya theka ndi nsomba za theka. Ndinkalankhula ndi Amayi potsuka mbale, potunga madzi, paliponse, mpaka anandiuza kuti nditseke pakamwa, mutu ukuwapweteka. Chakudya cha kunyumba anasinthadi, mpunga anachepetsa, koma makapu a m'mawa anapitirira. Kusikelo madzi abuluu aja anasandukanso njerwa.

Chimene chinawatembenuza sichinali mawu anga. Tsiku lina masana lole ya nsomba inaima pafupi ndi tiyirumu kuti ipakire matumba a Ababa. Inali ina, osati ija ya kale, koma fungo linali lomwelo, la utaka wouma ndi dizilo. Amayi anali pakhomo akupukuta kapu. Anaima osasuntha, akuyang'ana anyamata akuponya matumba m'mwamba. Abwana anayesa kukwera tayala kuti aone m'kati monga ankachitira anzake, koma mwendo unakana kufika, anatsetsereka n'kukhala pansi m'fumbi. Anzake anaseka. Iye anadzikutumula, n'kunamizira kuti amangoyang'ana tayalalo.

Amayi anapukuta kapu ija nthawi yaitali ngakhale inali itauma kale.

"Ine lole imeneyi sindikweranso," anatero. Sankauza ine. Sankauza aliyense.

M'mawa mwake pambaula panali maketulo awiri, yaikulu ija ndi kaketulo kakang'ono kakuda kamene tinkawiritsira madzi osamba a khanda kalekale. Mkulu wopanda mano atagogoda, Amayi anathira kapu yawo kuchokera m'kaketuloko.

"Imeneyo ndiye iti?"

"Yanga."

"Tabweretsani." Analawa, nkhope n'kukwinyika, anapita pakhomo kukalavula. "Achemwali, awa ndi mankhwala a malungo. Mukufuna nyanja itiwawire chonchi?"

"Achimwene, kapu yanu sindinaikane, ndipo sindidzaikana. Gulani, ndimwa mpaka pansi. Koma wanga ndi ameneyu. Mandasiwo mupatseni mnyamata wanuyo, ndi amene akukakoka chingwe."

"Nanga zakhala bwanji?"

"Anamwino apeza shuga m'magazi mwanga. Akupita kwa mwana. Inu munalipo tsiku limene anandikweza pa lole. Amene anagwira miyendo yanga pondikweza ndinu."

Mkuluyo anayendetsa lilime pamene panali mano. Anyamata ake ankamuyang'ana. Kenako anakankhira kapuyo kwa Amayi.

"Imwani, tichedwa."

Amayi anamwa tiyi wowawayo, n'kutembenuza kapu.

Ndikanakonda kulemba kuti tsiku limenelo makoka anadzadza, koma sizinatero. Mwera unayamba kuomba sabata yomweyo. Mabwato ena sanatuluke n'komwe, ndipo amene anatuluka anabwera ndi nsomba zongokwana ndiwo. Mwera umaomba chaka chilichonse nyengo imeneyo, aliyense padoko amadziwa, koma chaka chimenecho unali ndi mwini wake. Ndinkamva potunga madzi: mayi wa tiyirumu wawawitsa nyanja, mwana wake wa sukulu ndi amene wamuphunzitsa. Magulu ena anasamukira kutsidya kwa wayilesi. Mnyamata wa malaya ong'ambika uja ankadutsa pakhomo pathu osapereka moni.

Ababa sanakalipe. Ankangosuntha mabenchi, kuwaika uku, kuwabwezera uko, ngati vuto linali kakhalidwe ka mabenchi. Ine chakudya sichinkalowa. Ndinkadzifunsa kuti ngati sukulu yanga ithera pamenepa, ndidzanena kuti chinachitika n'chiyani? Ndipo bwanji ngati anamwino analakwitsa? Bwanji ngati mwana adzabadwe wofooka chifukwa chomumana? Ndinkatuluka, kulowa, kusesa posesa kale.

Mkulu wopanda mano anasowa masiku angapo, kenako anatulukira.

"Ndakalawa wa uko," anatero akukhala pamalo pake. "Madzi otsukira mbale. Wayilesi sungaimwe. Thirani, Achemwali, ndi mankhwala anu omwe."

Gulu lake linabwerera naye, ndi ena pang'ono mwera utaleka. Ena sanabwerere mpaka lero.

Nditatsala pang'ono kubwerera kusukulu tinapitanso kusikelo. Madzi abuluu aja anasintha pang'ono chabe, kufika pobiriwira, n'kuima pomwepo. Anamwino anagwedeza mutu, n'kunena kuti tisatayirire. Kubafa nyerere zinali zitachepa. Ndinanyamuka mwana asanabadwe, ndipo teremu imeneyo ndinali mwana wovuta kuphunzitsa. Lole iliyonse yodutsa pamsewu wa kuseri kwa kalasi inkandidzutsa pampando. Aphunzitsi a sayansi anandifunsa ngati ndikudwala. Anzanga ankati ndili ndi chibwenzi choyendetsa lole.

Tsiku lina nthawi yopuma anandiitana kuti kugeti kuli mlendo. Anali Ababa, ali paulendo wa ku Limbe, malaya awo akununkha nsomba. Ndinathamangira kumeneko.

"Wabadwa. Wamkazi," anatero. Anatambasula manja kusonyeza kutalika kwake, n'kuwayang'ana ngati akuchita manyazi. "Kakang'ono."

"Nanga Amayi?"

"Amayi ako anadzuka okha pabedi tsiku lomwelo. Kuchokera kuchipatala tinabwerera pa basi. Anakana kuti ndiwagwire pokwera." Anapotokola kofiya. "Anamwino a kumeneko akuti si kakang'ono ayi, akuti ndi mmene mwana amayenera kukhalira. Kaya. Ine ndinazolowera winayo."

Anandisiyira kathumba ka usipa wokazinga n'kuthamangira lole imene inali itayamba kale kuliza hutala. Ndinakhala pansi pageti pomwepo mpaka belu linalira.

Mng'ono wanga ndinamuona pa tchuthi chotsatira. Amayi a m'mudzi akabwera kudzamuona amamunyamula n'kuusa moyo. "Mayo, kapepuka bwanji. Sakuyamwa? Si ngati Abwana ayi." Ena amawanong'oneza Amayi kuti ayambe msanga kum'patsa phala la shuga. Amayi amangothokoza, n'kumutenga mwana wawo. Mkulu wopanda mano anamuika pachikhatho n'kunena kuti ameneyu ndi wa tiyi wowawa, adzakhala wolongolola ngati mkulu wake wa sukuluyu.

Anamwino akuti shuga wa Amayi watsika tsopano, koma akhoza kudzabweranso m'tsogolo, choncho kaketulo kakuda kaja sikanachoke pambaula ngakhale palibenso amene akuwagulira kapu. Za Abwana akuti palibe mankhwala, koma asiye zidutswa za mandasi ndipo aziyenda. Alovi tinawapempha, ena amamvera, ena amamuponyerabe Amayi akatembenuka. Tchuthi chonsecho ndinkapita naye m'mawa uliwonse mpaka kumsewu waukulu n'kubwerera. Poyamba ankalira, kunena kuti ndikumuzunza. Kenako anayamba kundidzutsa yekha, chifukwa kumsewu kumadutsa magalimoto a asilikali opita ku Monkey Bay ndipo amakonda kuwaimikira dzanja. Akadali wonenepa. Sindikudziwa ngati mafuta amene anayambira m'mimba amatha ndi kuyenda kwa tchuthi chimodzi kapena ziwiri. Koma tsiku lomaliza tinafika kumsewu osaima pansi pa mtengo uliwonse, ndipo iye sanazindikire n'komwe.

Tsiku lonyamuka ndinali nditavala kale yunifolomu, sutikesi ili pakhomo, Ababa akundifulumiza kuti basi indisiya. Ndinati ndaiwala chipeso. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, n'kulowa kubafa, n'kugwada pakona paja kuyang'ana pansi.